Apilo yanga akuti yachedwa, ndichite chiyani?

Wofunsa, ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndinaluza mlandu kwa alamu anga, amene akuti anandibwereketsa ndalama pomanga nyumba ya makolo pomwe zinali zothandizira chabe, ndipo pano akuuza anthu kutchalitchi kuti ndine wakuba. Chigamulo chitaperekedwa ndinadwala, kenaka kunagwa maliro kumudzi, ndipo loya amene ndinamulipira sakuyankhanso foni. Nditapita kukalembetsa apilo anandiuza kuti nthawi inadutsa. Kodi masherifu asanabwere pali chimene ndingachite?

Bambo a ku Chilomoni: Achimwene, iwalani za apilo. Ine ndinagulitsa minibasi polipira maloya pa mlandu wa malo, koma mpaka lero malowo akulima wina. Pitani kwa ankhoswe mukakambirane ndi alamu anuwo.

Mayi a ku Zingwangwa: Bambo ofunsa, simunatiuze kuti ndi khoti liti komanso chigamulo chinaperekedwa tsiku liti, pomwe nkhani yagona pamenepo. Apilo yochoka ku High Court kupita ku Supreme Court of Appeal ku Chichiri imalembetsedwa pasanathe masabata 6 ngati chigamulo ndi chomaliza, koma masiku 14 okha ngati ndi lamulo loperekedwa mlandu uli mkati. Khoti limatha kuwonjezera nthawi, koma muyenera kupereka chikalata cholumbira chofotokoza zifukwa zomveka zimene munachedwera, ndiponso kusonyeza kuti apilo yanuyo ili ndi mfundo zoyenera kumvedwa. Sungani mapepala akuchipatala ndi malisiti a loyayo.

Bambo a ku Chilomoni: Mayi, zimenezo ndi za m'mabuku. Kodi alipo woweruza amene angamve za maliro, pamene m'Blantyre muno maliro amagwa tsiku lililonse?

Mnyamata wa ku Limbe: Ine ndikanakhala inu, furiji ndi TV ndikanakazisungitsa kwa aneba usiku uno.

Agogo a ku Bangwe: Iwe mwana, usaseweretse nkhani ya munthu. Bambo, dziwani kuti apilo payokha siiletsa masherifu kulanda katundu. Mumayenera kupempha padera kuti khoti liimitse kaye chigamulocho. Ngati ndalama zatha, yesani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, ndipo za loya wosowayo mukadandaule ku Malawi Law Society, bungwe la maloya.

Bambo a ku Chilomoni: Kumeneko n'kungotaya ndalama za basi. Ndanena kale, maloya amatetezana okhaokha.

Mayi a ku Zingwangwa: Bambo, mlandu wanu wa malo si mlandu wa aliyense. Ofunsawa akamachedwa kupempha, khoti lidzafuna kudziwa chimene ankachita kuyambira tsiku limene anachira, ndipo kuloza loya chala sikukwanira nthawi zonse ngati iwo eni sanalondole nkhani yawo.

Bambo a ku Chilomoni: Ndiye mukuvomereza zimene ndikunena, kuti munthu wosauka ndiye amaluza kawiri.

Mayi a ku Zingwangwa: Ayi, ndikunena kuti atiuze tsiku la chigamulo ndi dzina la khoti.