Odziwa Yijing ndithandizeni, mizere iwiri ikasintha mumawerenga uti?

Moni nonse. Ndili ku Wuhan kuno pa sukulu, ndiye agogo ena amene timakhala nawo nyumba imodzi akhala akundiphunzitsa Yijing, buku lakale la ku China la ma hexagram (zithunzi za mizere sikisi) 64 lija. Ena munena kuti ndi kuombeza basi, ndamva, koma funso langa ndi la kawerengedwe.

Dzulo ndinafunsa zosiya kosi yanga nkuyamba ina coz yandikola pakhosi heavy. Ndinaponya makobidi atatu kasikisi, mbali ina timawerenga 3 ina 2, mizere nkumaijambula kuyambira pansi kupita mmwamba. Inatuluka nambala 47, Kun, nyanja pamwamba madzi pansi, ndiye kuti nyanja yaphwa madzi onse alowa pansi. Mtima unangoti myuu chifukwa ndi mmene ndikumvera ndendende. Koma mzere wachiwiri ndi wachinayi yonse inali 9 (makobidi atatu aja ukawaphatikiza akakwana 9, mzerewo ndi wosintha), ukaitembenuza ikupereka hexagram yachiwiri, nambala 8, Bi, madzi pamwamba pa nthaka, za kugwirana ndi anzako.

Apa ndi pomwe ndasokonekera. M'bukumo mzere wachiwiri wa Kun ukuti ukanyamuka ulendo zikuvuta, wachinayi ukukamba za munthu obwera pang'onopang'ono atapanikizika mu ngolo yachitsulo, manyazi alipo koma akafika ndithu. Mnzanga wa mkalasi akuti tsatira Zhu Xi, katswiri wa bukuli amene anamwalira mu 1200, lamulo lake ndi loti ikasintha iwiri werenga yonse koma wammwamba ndiye mwini nkhani. Agogo aja anangoloza pepala ndi chala chawo nkuti usathamangire mawu mwana iwe, yang'ana kaye chithunzi, madzi achoka kuti ndipo akupita kuti. Iwo ndi a njira ya zithunzi ndi manambala ija amati xiangshu, pomwe mnzangayo amakonda ya katswiri wina wakale, Wang Bi, yongofuna tanthauzo ndi phunziro.

Ine mtima wanga uli kwa agogo, chithunzi cha madzi opeza nthaka chikundiyankhula kuposa malamulo, koma ndikuopa kuti mwina ndikungosankha chomwe chikundisangalatsa, poti Bi ikumveka bwino kuposa Kun.

Ndiye inu amene mwachita izi nthawi yaitali, hexagram yachiwiri mumaitenga ngati zomwe zichitike kutsogolo kapena ngati malangizo a mmene ndikhalire panopa? Ndipo kusakaniza njira ziwirizi pa funso limodzi ndi kololedwa? Fomu yosinthira kosi ikufunika Lachisanu, chonde ndiyankheni.