Mapilisi a proline angachiritse heniya ya amuna anga?

Membala wobisa dzina: Aadmini ndibiseni dzina. Amuna anga ali ndi chotupa m'mphechepeche, kuchipatala akuti ndi heniya, pakufunika opaleshoni. Iwo akukana, akuti safuna mpeni. Apongozi akuti ndawalodza ine, chonsecho ndalama ya feteleza ndinapereka ndine, alamu anangoimwera. Ndawerenga kuti ofufuza anapeza kuti heniya imayamba thupi likasowa chomangira mapuloteni china chotchedwa proline. Mapilisi ake amagulitsa kuti?

Mayi Zathanzi: SISI MUSALOLE MPENI! Proline ndi amene amamanga collagen, ulusi wolimbitsa minofu ya thupi. Ufa wake ndili nawo, bwerani ku inbox.

Wa Kabaza: Ine anandichita opaleshoni, pano ndimanyamula matumba awiri a makala. Chinandipweteka ndi phala la kuchipatala basi.

Namwino Wopuma: Kafukufukuyo alipodi. M'zaka za m'ma 1970 dokotala wa ku America, Raymond Read, ndi anzake anapeza kuti minofu ya pamimba ya amuna odwala heniya inali ndi hydroxyproline (chochokera ku proline chomwe chimapezeka mu collagen) wochepa, kusonyeza kuti collagen wawo ngwofooka. Koma proline thupi limapanga lokha, ndipo pilisi silisoka bowo lomwe latseguka kale. Chotupacho akagona chimabwerera m'kati?

Mayi Zathanzi: Mwamva nokha, ANAMWINO AVOMEREZA! Ochipatala amangofuna kucheka anthu.

Namwino Wopuma: Sindinavomereze kanthu mayi, werenganinso.

Gogo wa ku Ntcheu: Ana inu nkhani za m'nyumba mumaziika pa Facebook? Ankhoswe anu ali kuti?

Achimwene a ku Joni: Alamu omwera ndalama ya feteleza aja ndi amene akufunika opaleshoni 😂

Mphunzitsi: Kodi amuna anuwo amasuta? Read yemweyo mu 1981 analemba kuti fodya amawononga minofu imeneyi. Malemu bambo anga ankasuta chingambwe, chifuwa chosatha, anatupa mbali zonse ziwiri. Komanso thupi limafuna vitamini C kuti lipange collagen wolimba. Malambe ndi magwafa ali pamsika, ufa wodula wachani?

Mayi Zathanzi: Malambe?? Inu mumaphunzitsa sitandade chani? Makasitomala anga onse akuyamikira. Nsanje basi!

Namwino Wopuma: Ofunsa, ndiyankheni. Chotupa chikauma, chikakana kubwerera, akumva ululu, akusanza kapena chimbudzi chatseka, ndiye kuti matumbo akanikizika. Zimenezo n'zothamangira kuchipatala usiku womwewo.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Agogo, ankhoswe ake ndi alamu omwewo. Mayi Zathanzi, ufawo ndi ndalama zingati?