Buloko ya sukulu: kumtsinje kapena kumtunda?

Wapampando: Moni nonse a kwathu ku Thekerani. Amfumu atipatsa malo awiri a buloko ija, kumunsi pafupi ndi mtsinje kapena kumtunda kuseri kwa tchalitchi. Tigwirizane chimodzi.

Msungichuma: Kumunsi, a Wapampando. Mchenga ndi madzi zili pomwepo, sitilipira ngolo.

Mwana wathu wa ku Zomba: Makolo anga, ndiloleni. Pagombe pomwe namondwe Freddy anagumula mu 2023 pakuoneka mizere ya mchenga ndi dongo. Yapansi ndi yapamwamba yagona bwinobwino, koma wapakati ngwopindikapindika, ndipo pena mchenga unaboola dongo n'kukwera. Mchenga wokhuta madzi ukagwedezeka mwamphamvu umasanduka ngati phala, madzi amathawira kumwamba, mizere n'kupotoka. Zikauma n'kulimba zimatsala choncho, ngakhale m'miyala ya zaka mamiliyoni, ndipo akatswiri amadziwira pomwepo za zivomerezi zakale.

Msungichuma: Mwanawe, madzi osefukira sangachite zomwezo?

Mwana wathu wa ku Zomba: Angathe, amayi. Matope olemera akaunjikana mwadzidzidzi pa mchenga wonyowa amaupindanso. N'chifukwa chake amautsatira mzerewo. Ukapezeka wopindika m'malo otalikirana, apo ndiye amaganizira chivomerezi. Koma kaya ndi chiti, nthaka imeneyi inafewapo kale, ndipo ine mtima sukundilola kukhazikapo ana.

Achimwene a ku Joni: Chivomerezi ku Thyolo? Zimenezo n'za ku Karonga, ife tiope mvula basi.

Aphunzitsi opuma: Ayi achimwene. Chitunda chotsetserekera ku chigwa cha Shire chija chinabwera ndi mng'alu wa nthaka wotchedwa Thyolo Fault. Ife, Karonga ndi Salima tonse tili m'chigwa chimodzi chachikulu chobwera ndi ming'alu yotereyi, chotchedwa Rift Valley. Ku Salima chivomerezi chinagwetsa nyumba mu 1989. Ku Karonga mu Disembala 2009 nthaka inang'ambika, mchenga ndi madzi n'kutumphukira kunja m'malo a chinyontho. Ine ndasankha kumtunda, ndipo linto ya simenti ndi zitsulo izungulire buloko yonse.

Wapampando: Ndamva. A Mlembi, lemberani a Geological Survey, nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka, ku Zomba, mutumize ndi zithunzi za gombelo. Maziko tisakumbe kaye.

Msungichuma: Mtengo wa ngolo ndifunsa mawa. Koma abale, linto ndi ndalama, ndipo ena zopereka za mwezi uno simunatumize.