Kamota kaja kazungulira tsopano

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake kamota ka magetsi kamene ndinapanga ndi mwana wanga kankangonjenjemera osazungulira. Tinagwiritsa ntchito waya wa kopa, batire la tochi la mavoti 1.5 ndi maginito amene tinachotsa mu sipika yakale. Zikomo nonse amene munayankha. Dzulo madzulo katheka.

Vuto linali pa kapalidwe. Waya uja ndi wokutidwa ndi vanishi, ndiye ife tinapala nsonga zonse ziwiri mozungulira mpaka kuchita mbee. Choncho magetsi ankadutsa nthawi zonse: maginito akakankha koyilo (waya wokulungidwa ngati mphete) theka la ulendo, theka linalo ankaibweza. Tinakulunga koyilo ina kazungulire 15, nsonga imodzi n'kuipala yonse, inayo mbali yapamwamba yokha titaimika koyiloyo chilili. Pano magetsi amaduka pa theka lobweza lija, koyilo n'kupitirira ndi liwiro limene yatenga kale. Titangoikankha pang'ono ndi chala, inayamba kuthamanga pa mapini awiri amene amaigwira n'kuipatsa magetsi a batire.

Mwanayo anatembenuza maginito, koyilo n'kuyamba kuzungulira chobwerera. Mukanaona chimwemwe chake! Ndinamufotokozera kuti waya akamadutsa magetsi amakhala ndi mphamvu ya maginito. Wasayansi wina dzina lake Oersted anaziona mu 1820 singano ya kampasi itapatuka pafupi ndi waya, ndipo chaka chotsatira wasayansi winanso, Faraday, anazunguliritsa waya ndi mphamvu yomweyo.

Amene mukufuna kuyesa, waya amatentha mukamusiya wolumikizidwa ku batire nthawi yaitali, batirenso silichedwa kutha. Ndipo chonde musayerekeze kulumikiza ku magetsi a m'nyumba.