Chofunda cha zigamba chikukwinyika ndikachichotsa pa felemu

Mayi a ku Chibavi: Akuluakulu, thandizeni. Chofunda cha zigamba za chitenje, mamita 2 mulitali ndi 1.8 mulifupi, ndachikunga pa felemu ya matabwa anayi yoimika pansi. Chili pa felemupo chimaoneka chosalala, koma ndikamaliza kusoka kongogwirizira n'kumasula, pamwamba pamatukumuka. Ndikulakwitsa pati?

Telala wa ku Luwinga: Mayi, mwakoka kwambiri nsalu ya pansi. Mukaikunga ngati ng'oma, ikamasulidwa imabwerera mwakale n'kukoka zigamba zija, ndiye matumba amenewo. Ikungeni mongokwanira: mukaidina ndi chikhatho pakati izitsikako pang'ono. Ikhale yoposa ya pamwamba ndi masentimita 10 mbali zonse, kumaso kwake kuyang'ane pansi. Ngati mwalumikiza zitenje ziwiri, dulani kaye mphepete yolimba ija, chifukwa siitamuka ngati nsalu inayo. Thonje kapena bulangete la pakati musalikoke ayi, ingoliyalani. Ya zigamba isalazeni ndi manja, muike mapini m'mbali.

Gogo wa ku Katoto: A telala anena zoona. Ine ndiwonjezere za kasokedwe. Zoti yambirani pakati ndi za woyala pa mkeka. Pa felemu yaikulu mkono sufika. Yambani m'mbali mwa thabwa limodzi, musoke mpaka pamene mkono walekeza, mumasule zopanira ziwiri zogwira matabwa m'ngodya za felemu, mupindire gawo losokalo pa thabwa, mupanenso. Musanapitirize suzumirani kunsi, mwanawe, khwinya la kunsi silioneka muli pamwamba. Mizere italikirane masentimita 10, ina mulitali ina mopingasa, ndipo singano izidumpha masentimita 3 kapena 4. Dzanja lina likhale kunsi kuti mumve kuti singano yaboola zonse zitatu. Ulusi ukhale woyera, ndipo musaukoke mpaka nsalu kufinyika.

Telala wa ku Luwinga: Za ulusi woyerazo musazipeputse. Wofiira kapena wakuda umasiya timadontho ukanyowa, ndipo ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu chofunda sichichedwa kunyowa. Zitenje za ku msika wa Taifa muzichape kaye n'kusita musanadule, zina zimasuluka, zina zimafupika.

Kalipentala wa ku Zolozolo: Onaninso felemuyo, mayi. Yezani kuchoka ngodya kufika ngodya yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, chofunda chituluka chopendekeka. Paini wa ku Chikangawa ngwabwino, koma akhale wouma, wamuwisi amapindika komanso utomoni wake umathimbiriritsa nsalu. Khomerani kansalu kolimba m'litali mwa thabwa lililonse, mapini azilowa mmenemo.