Ndisiye ntchito ya CNA kuti ndikachite digiri ya unesi ya miyezi 16? Ndiunikireni abale

Moni nonse a pagulu pano. Ndalemba mobisa dzina chifukwa nkhaniyi ikukhudza ndalama za m'nyumba mwathu, ndipo ambiri a inu timaonana ku tchalitchi ndi pa zochitika.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku South Bend, Indiana. Tinabwera ndi green card ya lotale. Kumudzi ndinachita digiri ya Environmental Health ku Poly, ndinamaliza mu 2014. Kuno ndine CNA, wothandizira anesi, kumalo osungirako okalamba, shifiti ya usiku.

Mwezi watha agogo ena omwe ndimawasamalira anayamba kuyankhula zosokonekera cha m'ma 2 koloko usiku, kundiitana dzina la mwana wawo. Nditawagwira pachipumi, moto. Powasintha thewera ndinaona mkodzo wakuda, wafungo lamphamvu. Mumtima ndinadziwa kuti ndi matenda a m'chikhodzodzo ndipo akulowerera. Ndinayeza kutentha kwa thupi, ndinathamangira kwa nesi, ntchito yanga n'kuthera pomwepo. Iye ndi amene anaimbira dokotala ndi kulamula kuti apite kuchipatala, ine ndili chilili pakhomo ndi nsalu zonyowa m'manja. Kuyambira tsiku limenelo mtima sukundipatsa mpata. Ndikufuna kukhala RN, nesi wa laisensi.

Ndiye ndapeza pulogalamu ya ABSN, ija amati ngati uli kale ndi digiri ya phunziro lina umachita unesi wokhawokha n'kutuluka ndi BSN, digiri ya unesi. Yomwe ndikuyang'ana ndi ya miyezi 16 ndipo fizi yake ikupitirira madola 50,000. Akufuna GPA (avareji ya magiredi) yosachepera 3.0, mayeso olowera sukulu ya unesi a TEAS, komanso Anatomy and Physiology, Microbiology, Chemistry, Statistics ndi Nutrition. Zambiri mwa izi ndinaphunzira ku Poly, koma akuti za sayansi zisakhale zakale kupitirira zaka 7. Komanso satifiketi yanga inalembedwa University of Malawi, pamene Poly inasanduka MUBAS mu 2021. Transcript ndiitanitse kuti?

Koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi: mlangizi wa pasukulupo anandiuza mosapsatira kuti ndisamagwire ntchito. Bambo a kunyumba amagwira ku fakitale, malipiro awo amakwana lendi, chakudya ndi galimoto basi. Anga ndi amene amagula mankhwala a shuga a mayi anga ku Ntcheu ndi kulipira fizi ya mng'ono wanga wa Fomu 3. Ndikaima miyezi 16, amenewa ayang'ana kwa ndani? Amene munadutsamo, kodi n'zoona kuti sizitheka kuphatikiza ndi ntchito?

Yankho la mayi wina, RN ku Indianapolis

Achemwali, mlangiziyo sanakunamizeni. Ine ndinachita ABSN. Zomwe anzathu amaphunzira zaka ziwiri amazipanikiza mu chaka ndi miyezi, popanda tchuthi chenicheni cha chilimwe. Sabata imodzi mumakhala ndi makalasi, labu, ndi masiku a ku wodi a maola 12 omwe amakusankhirani okha, nthawi zina Loweruka. Mumadzuka 5 koloko kukafika kuchipatala, mukabwerako care plan (ndondomeko yolemba ya chisamaliro cha wodwala) ikukudikirani, mawa lake mayeso a Pharmacology. Pasukulu pathu ukapeza pansi pa 75 unali walephera, ndipo ukalephera maphunziro awiri umachotsedwa, ngongole n'kutsala nayo. Ine ndinasiya shifiti zokhazikika n'kukhala wa PRN, wogwira pokhapokha pakafunika munthu, ndinkagwira kawiri kapena katatu pamwezi. Kupitirira apo mukudzipha.

Za ndalama dziwiranitu: Pell Grant, thandizo la boma losabweza, simupeza, chifukwa muli kale ndi digiri, ngakhale ndi yakunja. Lembani ndithu FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la fizi, green card imakulolani ngongole ya boma, koma malire ake kwa munthu wodziimira payekha ndi madola 12,500 pachaka. Yotsalayo ndi ya kubanki, ndipo kawirikawiri amafuna wokusainirani.

Yankho la bambo wina

Mlongo wanga, n'chifukwa chiyani mukuthamangira yodulayo? Pitani ku koleji ya community ya Ivy Tech mukachite ASN, maphunziro a unesi otsikirapo pa BSN. Mayeso opezera laisensi a NCLEX-RN ndi omwewo, laisensi ya RN ndi yomweyo, wodwala safunsa kuti munaphunzira miyezi ingati. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri ndipo ambiri amagwirako ntchito pang'ono. Mukalembedwa ntchito mumachita RN to BSN pa intaneti, zipatala zambiri zimathandiza kulipira. Akazi anga anadzera njira imeneyi ndipo lero tilibe ngongole.

Mayi wa ku Indianapolis uja

Achimwene, njirayo ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma muwauzenso kuti malo ku ASN amalimbirana kwambiri, munthu atha kudikira chaka osatengedwa. Ndipo zipatala zina zazikulu zimakonda wa BSN polemba ntchito. Achemwaliwa awerengere zaka zonse, kuyambira lero mpaka tsiku la malipiro oyamba a RN, njira zonse ziwiri.

Yankho la wina amene anadutsa ku WES, bungwe lounika madigiri akunja

Asisi, musanakangane ndi mtima za ABSN kapena ASN, yambani ndi mapepala, chifukwa ndi amene amadya nthawi. Funsani sukuluyo kaye kuti imavomereza bungwe liti lounika digiri yakunja. Ambiri amalandira WES, ena ECE. Mupemphe ya course-by-course, ndi imene imaonetsa phunziro lililonse ndi GPA. Transcript siidzera m'manja mwanu, imayenera kuchoka kusukulu kupita kwa iwo mwachindunji. Lemberani ofesi ya registrar ku MUBAS, ndipo mupeze m'bale ku Blantyre woti azikafikako pamaso.

Musadziweruze nokha ndi mamalikisi a kumudzi. Kwathu 65 ndi malikisi abwino, kuno 65 amaoneka ngati wagwa, ndiye dikirani aunike okha. Za sayansi zakalezo, bwerezani basi ku koleji ya community, n'zotchipa. Mukakhoza ma A mu Anatomy ndi Microbiology zimakukwezani, ndipo gawo la sayansi la TEAS mudzalipeza lopepuka. Mayesowo ali ndi mafunso 170, ndipo ife ambiri chimatipweteka ndi kuthamanga kwa nthawi, osati kusadziwa. Muonetsetsenso kuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi CCNE kapena ACEN, mabungwe ovomereza maphunziro a unesi, musanalipire kalikonse.

Yankho lina

Kangachepe koma kofunika, ndi za kuyezetsa ndi katemera zomwe sukulu za unesi zimafuna. Ambirife tili ndi chipsera cha katemera wa BCG paphewa, ndiye kuyeza TB kwa pakhungu kumatha kutupa ngakhale mulibe matenda. Pemphani kuyeza kwa magazi, QuantiFERON. Ngati khadi la kusikelo linatayika, ayeze magazi kuona chitetezo cha chikuku, hepatitis B ndi katsabola. Yambani msanga, katemera wa hepatitis B amatha kutenga miyezi 6.

Yankho la mayi wachikulire

Mwanangu, ine za masukulu sindizidziwa, ndinena za kumudzi. Vuto lathu timabisa, kenako ndalama ikasiya kufika anthu amaganiza kuti tawataya. Aimbireni mayi anu ndi abale anu onse, muwauze chilungamo kuti mwezi wakutiwakuti ndidzaima, ndidzayambiranso mwezi wakutiwakuti. Mankhwala a shuga okhawo musawasiye, amenewo sungirani ndalama yake padera musanayambe. Za fizi, kodi mnyamatayo kapena mtsikanayo alibe amalume? Agawane. Ndipo bambo a kunyumba akhale nawo pokambirana, chifukwa ndi amene adzaphike ndi kuperekeza ana miyezi yonseyo.

Wolemba funso

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga katatu. Amayi, mwandilasa mtima, chifukwa ndinkaganizadi zongobisa. Ndi mtsikana, ndipo akulemba MSCE chaka chamawa. Usiku wathawu takhala pansi ndi bambo a ana ndi kope. Taona kuti maphunziro obwerezawo anditengera pafupifupi chaka ndikugwirabe ntchito, ndiye pomadzayamba pulogalamu yeniyeniyo mng'ono wanga adzakhala atalemba kale. Chaka chimenechi ndiwonjezera shifiti imodzi pa sabata, ndalama yake ndi ya mankhwala a mayi. Ndidzafunsira malo konse kuwiri, ABSN ndi ASN. Kalata ya ku MUBAS ndatumiza m'mawa uno, ndipo Lamlungu ndiimbira achimwene anga aakulu ku Ntcheu.

Achemwali a ku Indianapolis, kodi ndingakulembereni ku inbox? Ndikufuna mundionetse mmene munkagawira sabata yanu, makamaka masiku a ku wodi muli ndi ana.