Wotchi ya node yanga ikubwerera m'mbuyo, kodi pool ikundidyera masuku pamutu?

Membala wa ku Nchalo:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kamakina kokumba Bitcoin kolumikiza ku pool (gulu la okumba ogawana phindu), komanso node (pulogalamu yolandira ndi kutsimikiza ma block a Bitcoin) pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4, zonse zikudya sola. Batire ikatha usiku zimazima. M'mawa zikayaka, Pi imaonetsa nthawi ya dzulo madzulo, ndipo node imangoti njoo osalandira ma block atsopano (masamba atsopano a kaundula wa Bitcoin) ngakhale bandulo ilipo. Chachiwiri, pa explorer (webusaiti yoonerapo ma block) ndaona block ina ili ndi nthawi yakumbuyo kuposa yomwe inaitsogolera. Zimatheka bwanji? Mnzanga wina akuti ma pool amaseweretsa nthawi, ndiye nanenso ndikankhire wotchi kutsogolo kuti difficulty (kuvuta kwa kukumba block) itsike. Ndiyese?

Wokonza mafoni ku Ngabu:
Achimwene, wotchiyo musaikankhe. Pi 4 ilibe kabatire kosunga nthawi ngati ka m'kompyuta, imadalira NTP, njira yotengera nthawi yolondola pa intaneti. Ikadzuka ili m'mbuyo kuposa maola 2, block iliyonse yatsopano imaoneka ngati yachokera m'tsogolo, ndiye node imaikana kaye. Pezani kamodyulo ka RTC (kawotchi kosunga nthawi makina akazima) kotchedwa DS3231, n'kakang'ono ngati bokosi la machesi ndipo kamayendera batire yozungulira ija. Mukonzenso kuti node isayambe wotchi isanalondole.

Membala wa ku Nchalo:
Zikomo bwana. Nanga ma share anga (umboni wa ntchito yomwe kamakina kanga kamatumiza ku pool) pa nthawi imeneyo amatayika?

Wokonza mafoni ku Ngabu:
Ayi. Ntchito imene pool imatumiza ku makina anu kudzera pa Stratum (njira yolumikizirana pool ndi makina okumba) imabwera ndi nthawi yakeyake, ntime. Wotchi ya Pi yanu silowamo, pokhapokha mutamakumba nokha kudzera pa node yanuyo.

Mphunzitsi wa masamu, Nsanje:
Za block yobwerera m'mbuyo zisakudetseni nkhawa mphwanga, si umbava. Bitcoin safuna nthawi yolondola ndendende. Malamulo ake ndi awiri basi: nthawi ya block ipose nthawi yapakatikati ya ma block 11 apitawo (ya nambala 6 mukazindandalika kuyambira yakale), komanso isapitirire maola 2 kutsogolo kwa wotchi ya node yoilandira. Pakati pamenepa mpata ndi waukulu, ndiye mawotchi a ma pool akasiyana pang'ono mumaona zomwe mwaonazo.

Mnzanuyo wamva nkhani koma waimva theka. Difficulty imasintha pakatha ma block 2016, pafupifupi masabata awiri, ndipo imawerengedwa poona nthawi ya block yoyamba ndi yomaliza pa chigawocho. Pali chinyengo chotchedwa timewarp: okumba amalemba nthawi yotsalira dala pa ma block onse, yomaliza yokha n'kuipatsa nthawi yeniyeni, kuti zioneke ngati chigawo chatenga nthawi yaitali, difficulty n'kutsika. Koma kuti zitheke pamafunika kugwira mphamvu yoposa theka la okumba onse padziko, kwa masabata angapo, aliyense akuona poyera. Kandalama kotchedwa Verge anakachita zofanana ndi zimenezi mu 2018 chifukwa difficulty yake inkasintha pa block iliyonse. Kamakina ka pa sola ku Nchalo sikangasunthe kanthu, mungodzisokonezera node.

Mayi wa bizinesi ku Bangula:
Ine zanthawizi sindilowamo, koma ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala kamakinako mukukaziziritsa ndi chiyani? Foni yanga yomwe imazima yokha masana.

Membala wa ku Nchalo:
Hahaha amayi, kali ndi fani yake, ndipo ndinakachotsa pansi pa malata n'kukaika pakhonde pomwe pamadutsa mphepo.

Mphunzitsi wa masamu, Nsanje:
Chinanso, ma explorer ena amaonetsa nthawi ya UTC (nthawi yoyendera dziko lonse), pomwe ife ku Malawi tili patsogolo ndi maola 2. Ndaonapo anthu akukonza wotchi pamanja kuti ifanane ndi ya pakhoma koma time zone ili yolakwika, ikadali pa UTC. Zikatero wotchi ya makina imakhala itatsogola ndi maola 2 enieniwo, pamalire penipeni pomwe ma node ena amakanira block yolembedwa nthawi imeneyo. Lembani lamulo loti timedatectl pa Pi yanuyo muone ngati pali Africa/Blantyre komanso ngati akuti synchronized yes.

Membala wa ku Nchalo:
Ndayang'ana aphunzitsi, zone ili bwino koma synchronized akuti no. Alipo amene akudziwa kogula DS3231 ku Limbe kapena ku Blantyre? Ndikwera Thabwa Loweruka.